A Sakala ndi Kapu ya Madamu

Lamulungu lapitali tinachita mwambo wokumbukira a Eliya Sakala, telala wa ku Katete amene anakhala ku Thamesmead, mu London, zaka zambirimbiri, namwalira akukayikira wina aliyense wa ife. Sindikuwanyoza ayi. Akanakhala moyo akanavomera okha, kenako akanandifunsa kuti wandituma kulemba zimenezi ndani. Patha chaka chiwaikire m'manda, ndipo chaka chonsechi anthu a kutchalitchi kwathu ku Woolwich akhala akundivutitsa ndi funso limodzi lokha: anapha Madamu ndani? Amafunsa ine chifukwa ndine ndinkatayipa buku lawo.

Bukulo linali nkhani yopeka ya kuphedwa kwa Madamu, woyimba wa m'nyumba ya opera. Kwa amene sanaionepo, opera ndi sewero limene anthu ake sayankhula koma amayimba chilichonse, ngakhale kuitana wantchito. A Sakala ankati kumeneko munthu akabayidwa ndi mpeni amayamba wayimba kaye mpaka kukhuta, ndipo amagwa pansi pokhapokha woyimbitsa akamulola. Ankazidziwa bwino zimenezi chifukwa anagwirako ntchito m'nyumba ina yotere m'kati mwa London. Ankasoka zovala za oyimba, ndipo sewero likamachitika ankaima kuseri kwa katani ndi singano yoloweka kale ulusi, kudikirira kuti diresi la wina ling'ambike.

Ine ndinawadziwa atasiya kale ntchitoyo. Tsiku loyamba sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mpendero wa chikhoti changa, nandiuza kuti mwini wake woyamba anali wamtali kuposa ine ndipo amene anachipinda anali pa changu. Ndinachita manyazi chifukwa zonse ziwiri zinali zoona, ndipo wa changuyo ndinali ine. Umu ndi mmene ankawerengera anthu. Ankati pakamwa pamanama, nkhope imanama, koma msoko sudziwa kunama. Tsiku lina anayang'ana malaya a bambo wina wa m'kwaya, naona kuti mabatani awiri asokedwa ndi manja osiyana, nangoti bamboyo akudyera nyumba ziwiri. Tinawadzudzula kuti akuipitsa dzina la munthu. Patapita miyezi itatu nkhani inaphulika, ndipo kuyambira pamenepo amuna ambiri ankavala majuzi akamabwera kutchalitchi, ngakhale kukutentha.

Kukayika kwawo kunalibe tchuthi. Foni ikalira ankainyamula n'kukhala chete mpaka woimbayo ayambe kulankhula. Basi yochokera ku Woolwich sankatsikira pamalo amodzimodzi masiku awiri otsatizana. Munthu akawayamikira ankafunsa chimene akufuna, akawanyoza ankafunsa amene wamutuma. Ankakonda kunena kuti mlandu suwola, ndipo ankaunena mwambiwu akuyang'ana iwe, mpaka umayamba kufufuza mumtima ngati unawalakwirapo.

Mdani wawo wamkulu anali Mayi Daka, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, ndipo udani wawo unayambira pa kapu ya thobwa. Linali tsiku la ubatizo. Mayi Daka anatunga thobwa n'kuwapatsa, koma a Sakala anangopinda manja.

"Yambani mwalawa," anatero.

"Nilawe chifukwa chani? Muganiza naikamo mankhwala?"

"Sinakambe tero. Kwathu wopereka chakumwa amayamba ndiye. Kapena ku Lusaka munaiwala?"

"Imwe a Sakala, muno ni mu London. Ngati muyopa kufa, kamweni madzi ya pa tapu!"

Mayi Daka anathira thobwalo m'chidebe momwe analitunga, ndipo kuyambira tsikulo anthu awiriwa ankapatsana moni kudzera mwa ena. Mayi Daka ankati munthu amene amaona mfiti paliponse ndi woti muzimuyang'anitsitsa iyeyo. Ine ndinkawaikira kumbuyo a Sakala, ngakhale kuti mawu amenewo anandikhala pamtima.

Nkhani imene inawachotsa pantchito aliyense wa ife anaimva kambirimbiri, ndipo sinkasintha ngakhale liwu limodzi. M'nyumba ya opera ija munabwera woyimba wina wotchuka, mayi wa mawu okwera, amene iwo ankangomutchula kuti Madamu. Anali wovuta, wosafuna kuti telala wina aliyense akhudze zovala zake koma a Sakala basi. Anawakhulupirira mpaka anayamba kuwasungitsa fulasiki yake ya madzi ofunda osakaniza ndi uchi ndi mandimu, imene ankamwa akatuluka pa siteji kuti afewetse kukhosi. Kwa munthu wa ku Katete, kusungitsidwa chakumwa cha munthu wamkulu si nkhani yamasewera. Ndiye nthawi iliyonse akathira madziwo m'kapu, ankayamba apsontha pang'ono asanapereke, monga anaphunzitsidwira kwawo, kuonetsa kuti mulibe choipa chilichonse. Ankachitira kuseri kwa katani, mumdima, ndipo Madamu sankaona. Iwo sankabisa. Ankangoganiza kuti ulemu sufuna mboni.

Masana ena, pa kuyeserera komaliza sewero lisanatsegulidwe, mtsikana wina anawaona. Mtsikanayu anali woyimba wodikirira, amene amaphunzira mbali yonse ya woyimba wamkulu kuti alowe m'malo mwake akadwala. Sananene kanthu tsiku limenelo. Patapita masiku atatu Madamu anadzuka mawu atasasa. Madokotala anamuuza kuti apume, iye anakana, nakakamira kuyimba tsiku lotsegulira. Ali m'kati mwa nyimbo yaikulu mawu anaduka, anthu odzaza nyumba akumvetsera. Mtsikana uja anavala diresi la Madamu, a Sakala omwewo akulibweza m'chiuno ndi mapini, namalizitsa sewerolo. Madamu sanayimbenso monga kale.

Mawa lake a Sakala anaitanidwa ku ofesi. Mtsikanayo anali atanena kuti anaona telala akuika pakamwa pa kapu ya Madamu. Iwo sanakane. Anafotokoza mwambo wa kwawo mwaulemu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti azunguwo awayamikira. Akuluakulu aja anangoyang'anizana. Mmodzi anafunsa chifukwa chimene munthu angaganizire za mankhwala akupha ngati palibe amene watchulapo mankhwala. Wina anafunsa ngati iwo ankadwala sabata imeneyo, ndipo anayankha kuti ayi. Apolisi sanaitanidwe, kalata yowachotsa ntchito sinalembedwe. Anangowatsitsira kuchipinda chapansi kuti azikasita zovala, ndipo anzawo akawaona akubwera ankaphimba makapu awo ndi dzanja. Anapirira miyezi ingapo, kenako anasiya okha.

Akafika pamenepa pofotokoza, ankakweza chala. Ankati funsani amene anapindula. Iwo anatsikira kuchipinda chapansi, Madamu anabwerera kwawo wopanda mawu, koma mtsikana uja anakwera. Fulasiki ija inkakhala payokha nthawi imene iwo akusoka, ndiye wina aliyense akanatha kuikamo kanthu. Tonse tinkavomereza ndi mitu. Kunena zoona, mpingo wonse unkamuda mtsikana amene sunamuonepo ngakhale pa chithunzi.

Buku analiyamba mkazi wawo atamwalira. Ankati popeza London inakana kuzenga mlandu wawo, auzenga okha papepala. M'bukumo Madamu sankangosasa mawu, ankagwa n'kufera pa siteji, anthu akuwomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Wofufuza mlanduwo anali wapolisi wa ku Chipata amene anabwera ku London kudzaona mlongo wake. Ankalemba m'makope a ana asukulu, m'Chinyanja cha m'Baibulo lakale, ndipo Loweruka masana ndinkakwera basi kupita ku Thamesmead ndi kompyuta yanga. Kope silinkatuluka m'nyumba. Ankakhala pambali panga akutsatira ndi chala, ndipo ndikalumpha liwu ankagogoda patebulo. Ndikamaliza ankatenga kopelo n'kukalitsekera m'bokosi la makina osokera, ngati kuti ku Ilford kumene ndimakhala kuli anthu amene akudikirira kuba nkhani za Chinyanja.

Buku lawo linali lokoma, ndisaname. Munali kafungo ka kuseri kwa siteji, ka thukuta ndi utoto wa kumaso ndi nsalu yopserera ndi simbi. Munali woyimbitsa wodzikonda amene ankadana ndi Madamu chifukwa anthu ankawombera m'manja iye yekha. Munali mtsikana wodikirira uja, amene anamulemba ndi njiru yoti mpaka ndinkamumvera chisoni. Munalinso telala wofatsa amene ankangodutsa m'mitu yonse ndi singano yake, osafunsidwa kanthu. Ndinkasindikiza mutu uliwonse n'kupita nawo kutchalitchi, ndipo anthu ankalandirana ngati mbale ya ndiwo. Ngakhale Mayi Daka ankawerenga, ati pofuna kuona bodza lake.

Vuto linali lakuti bukulo silinkatha. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinatayipa. Wapolisi uja akangotsala pang'ono kugwira mtsikana, a Sakala ankapeza chifukwa chomumasulira. Ankatembenukira kwa woyimbitsa, naye akatsala pang'ono kumangidwa pankapezeka mboni yoti anali kwina. Poyamba ndinkati ndi luso. Kenako ndinayamba kukayika, chifukwa ukakhala ndi munthu wotere matenda ake amakupatsira. Ndinaona kuti akafika pamutu womaliza ankadwala mutu, kapena cholembera chinkatha inki, kapena ankakumbukira kuti mutu wachitatu sunakhale bwino. Ndinaonanso kuti munthu amene anayambana ndi mpingo wonse chifukwa cha kulawa, akandipangira tiyi sankalawa. Ankaika kapu patebulo n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana.

Loweruka lina ndinalephera kudzigwira.

"Bambo, wapolisi wanuyu ndi waulesi," ndinatero. "Wafunsa aliyense kawirikawiri. Nanga telala uja bwanji sakumufunsa? Si ndiye ankasunga fulasiki?"

Chala chawo chinaima pakati pa tsamba.

"Wakutumani ndani, aNaphiri? A Daka?"

"Palibe wandituma. Ndikungofunsa ngati wowerenga."

"Telala alibe mlandu."

"Ndiye amufunse, ayere pamaso pa anthu."

Anatseka kope, nandiuza kuti basi ya ku Woolwich ibwera posachedwa ndipo si bwino kuti indisiye. Miyezi iwiri sanandiimbire foni. Ndinakwiya nawo kwambiri, ndipo m'miyezi imeneyo ndinaganiza zoipa zimene ndikuchita nazo manyazi lero. Ndinafika podzifunsa ngati nkhalambayi inaikadi kanthu m'kapu muja. Atandiitananso sanapepese, inenso sindinapepese. Anangonditulutsira mutu wachitatu wolembedwanso kachinayi.

Anadwala nthawi yochepa. M'chipatala ankafunsa anamwino dzina la piritsi lililonse ndi amene walilamula, ndipo anamwinowo ankawakonda chifukwa ankawasokera mabatani a mayunifolomu ali chigonere. Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Ndinalira kwambiri, kuposa mmene ndinkaganizira kuti ndingalirire munthu amene sanandikhulupirirepo ngakhale ndi kope la ana asukulu.

Mwana wawo Esinati, wobadwira konkuno, ndi amene anapeza mutu womaliza. Ankasankha suti yoti tiwaveke, ndipo atagwira jekete lawo la Lamulungu anamva kanthu kakukhwekhwereza m'kati. Nsalu ya m'kati inali itasokedwanso ndi ulusi wofiira, msoko waukuluukulu, woti ngakhale wakhungu aupeze. Bambo ake sankasoka choncho. Anatsegula napeza envulopu yolembedwa dzina langa. Esinati amamva Chinyanja koma kuwerenga zolemba za bambo ake kumamuvuta, ndiye anandipatsa n'kundifunsa m'Chizungu ngati muli nkhani ya maliro. Ndinawerenga nditaima m'khitchini mwawo, ndipo ndinamuuza kuti ndi za buku chabe.

Pamwamba panali malangizo. Ndikawerenge pamaso pa mpingo, a Daka ali pomwepo, ndipo ndisalumphe liwu.

M'mutuwo wapolisi wa ku Chipata sagwira aliyense. Akulongedza katundu kuti azibwerera kwawo, telala akugogoda pachitseko. Akukhala pansi, chipewa pabondo, n'kunena kuti sabata imene Madamu anadwala, iye anadzuka ndi zilonda zapakhosi ndi thupi lotentha. Lamulo la kuseri kwa siteji ankalidziwa bwino: wodwala chimfine asayandikire oyimba, akhale kunyumba. Koma ankadziwanso kuti akajomba pa kuyeserera komaliza, telala wina aima pamalo pake, ndipo Madamu akhoza kumuzolowera ameneyo. Ndiye anamwa mapiritsi, nameza chifuwa chake, napita. Atathira madzi m'kapu anaima kaye, chifukwa mtima unamuuza kuti lero asalawe. Koma kupereka chakumwa chosalawa kunamuonekera ngati kutukwana, ndipo dzanja linali litazolowera. Analawa.

Mawu a telalayo ndiwalemba monga analembedwera. "Mankhwala amene ndinkafuna kuonetsa kuti mulibe, ndinawaika ndine ndi pakamwa panga. Atandifunsa ngati ndinkadwala ndinakana. Mtsikana uja ananena zimene anaona, sanawonjezere kanthu. Ine ndamudya miseche zaka makumi awiri chifukwa ndikasiya kuloza iye, chala chimabwerera kwa ine."

M'munsi mwake, ndi inki ya mtundu wina, munali mzere umodzi wokha: "Mutu uno si wopeka, telalayo ndine, Eliya Sakala."

Kaya chimfine chawocho ndi chimenedi chinadwalitsa Madamu, palibe angadziwe. M'nyumba yodzaza anthu nthawi yozizira, akanatha kuchitenga kwa wina aliyense. Ndikanakonda akanandiuza ali moyo kuti ndiwauze zimenezi, ngakhale ndikudziwa kuti akanandifunsa amene wandituma kudzawatonthoza. Chimene chinkawadya si chimfine ayi, koma yankho lija la mu ofesi, ndi dzina la mwana wa eni ake limene analipaka matope pakati pathu.

Envulopuyo ndinaisunga chaka chathunthu. Anthu akandifunsa kuti anapha Madamu ndani, ndinkati a Sakala anamwalira asanamalize. Ndinanama kwa abusa, ndinanama kwa Esinati. Munthuyu analibe nyumba yakeyake kuno, analibe munda ku Katete, chimene anali nacho ndi dzina la munthu amene azungu anamulakwira chifukwa cha ulemu wa kwathu. Tonse tinkanyadira nkhani imeneyo. Tinkaifotokozera ana athu kuti adziwe mmene dziko lino limatimvera molakwika. Ndinaona kuti ndikawerenga mutu uja ndiwavula chovala chokhacho chimene anatsala nacho.

Lamulungu lapitali, mapemphero a chikumbutso atatha, abusa anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Ndinapezeka ndaimirira. Ndinati mutu womaliza wapezeka, ndipo m'holo monse munamveka phokoso la mipando, anthu akukhala bwino. Ndinawerenga pang'onopang'ono. Pamene telala ankagogoda pachitseko cha wapolisi, ena anaseka poganiza kuti wabwera kudzaulula mtsikana uja. Atafika polawa, kuseka kunatha. Ndinawerenga mawu ake onse mpaka pa chala chobwerera kwa mwini wake. Kenako maso anga anafika pa mzere wa inki ina uja, ndipo ndinapinda pepala n'kunena kuti bukulo lathera pamenepo.

Anthu anapuma. Bambo wina anati mkuluyu anali katswiri, watipusitsa tonse mpaka kumapeto. Wina anati iye anali atamukayikira kale telalayo kuyambira mutu wachiwiri. Anaombera m'manja nkhani yopeka, nayamba kupita kumene kunali tiyi.

Mayi Daka anandipeza ndikulowetsa pepalalo m'chikwama. Sanakweze mawu monga amachitira.

"Mwawerenga vonse, aNaphiri?"

"Zonse, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira.

"Chimfine chabe," anatero. "Sembe anakamba. Nindani samadwala chimfine?"

Sanafunsenso, anangotembenuka n'kuchoka. Mzere uja ndaulemba pano chifukwa kuutchula ndi pakamwa ndinalephera, ndipo ndikudziwa kuti kulemba si zimene anandituma. Esinati ndamuuza zoona zake dzulo pa foni. Anandipempha kuti ndimumasulire mutu wonsewo m'Chizungu, pamodzi ndi mzere womalizawo, kuti ayese kufufuza kumene kuli mayi amene bambo ake ankamutchula kuti mtsikana.

Holo imene timapempheramo ndi yobwereka, ndipo tikamaliza timasanjikiza mipando yonse kukhoma. Pali ngodya ina kumbuyo, pafupi ndi chitseko chothawira moto, pamene munthu akakhala amaona aliyense koma iye palibe angamudzere kumbuyo. Ndi pamene a Sakala ankakhala. Chimwalirire chawo palibe amene amaikapo mpando, osati chifukwa cha ulemu koma chifukwa pamalowa mphepo yozizira. Mayi Daka atachoka ndinatembenukira kumeneko, pepala lili m'chikwama. A Sakala sakanandifunsa n'komwe ngati ndawerenga zonse. Akanangotambasula dzanja kuti ndiwapatse pepalalo aone okha. Pangodyapo panali khoma, tsache, ndi ambulera imene wina anaiwala, ndipo ndinatuluka m'holomo popanda wondigwira.